Mango a Dodo Akatha

Bwato la a Fletcher linang'ambika mu Novembala, chaka cha 1980. Linali lakale, lodzaza zigamba za malata, ndipo Che Twaibu, mmisiri wosema mabwato, atalizungulira anangopukusa mutu. A Fletcher anali ndi ana asanu. Chilumba cha Mbenji, kumene asodzi a gombe lino amapezako chakudya cha chaka chonse, chinali pafupi kutsekedwa kuti chidzatsegulidwenso mu Epulo, ndipo msodzi wofika Epulo alibe bwato amasanduka waganyu pa bwato la mnzake. Pa malo onse a banja lawo, mtengo waukulu wokwana bwato unali umodzi wokha: wa mango a dodo, wa pabwinja.

A Fletcher anawauza alamu awo, a Jailosi, Lamulungu potuluka m'tchalitchi, maso ali pa njinga imene ankakankha. Anati mtengo uja ugwa, koma osati tsopano, poti mtengo wonyamula zipatso satema.

"Mango akatha, alamu."

A Jailosi anati amva. Mtengowo anabzala okha chaka chimene anakwatira, koma iwo anali mkamwini wochokera ku Chitala, ndipo mkamwini akabzala mtengo amabzalira eni dothi. Komanso anali mkamwini wopanda mkazi, woyenera kuti anabwerera kwawo kalekale.

Mkazi wawo Ester, mchemwali wa a Fletcher, anali wa mpingo umene unaletsedwa masiku amenewo chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Mu 1972, a Jailosi ali ku Mbenji, anthu a mpingowo anathamangitsidwa m'midzi. Pobwera ndi utaka wawo wouma anapeza chitseko chotsegula, m'nyumba muli zii, Ester atapita ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, wa zaka zisanu. Patapita zaka zingapo, wogula nsomba wina wa ku Mulanje anawakokera kuseri kwa thandala loyanikapo nsomba n'kuwanong'oneza kuti Ester anamwalira ku msasa wa othawa, kutsidya kwa malire. Mwana ali moyo, akusungidwa ndi mayi wina wa mpingo womwewo. Dzina la mudzi wakwawo mwanayo salidziwa. Akamufunsa kwawo amangoti: kwathu n'kunyanja, pali mtengo wa dzina langa.

Maliro sanalire poyera, chifukwa za anthu othawa sizinkakambidwa. A Fletcher sanawasudzule alamu awo, ndiponso sanawauze kuti akhale. Anangowasiya. A Salome, akazi a a Fletcher, ankatumiza mbale tsiku lililonse, ndipo akaphika chambo mutu unkapita kwa a Jailosi. Koma m'mudzi monse anthu analeka kuwaitana kuti bambo a Dodo.

Kenako nyanja inadzaza kuposa mmene okalamba ankakumbukira. Inalowa m'mudzi n'kusungunula nyumba, anthu n'kusamukira kumtunda. Madzi atabwerera, pa mudzi wakale panatsala mchenga, mafuwa, ndi mtengo uja, poti unamera pachulu. Munthu wochoka ali mwana akanabwera, chimene akanazindikira chinali chimodzi basi.

Dzina lenileni la mwanayo linali Dailes. La Dodo linachokera kuchipatala cha mishoni kumene anabadwira, makolo ake atadikira mphatso zaka zoposa khumi. Kumeneko kunali sisitere wolankhula Chifalansa, amene ankanyamula makanda olira n'kumawaimbira motsitsa kuti dodo, dodo. Ester anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati taonani, mwana wanga akumutcha bango. Sisitereyo anafotokoza m'Chichewa chake chothyokathyoka kuti kwawo ndi mmene amauzira mwana kuti agone. Dzina linakakamira. Mwanayo atayamba kuyenda ankakumbatira thunthu la mtengo uja, manja osafika paliponse, n'kumaupatsa moni kuti adzina anga mwadzuka bwanji.

Nyengo ya mango ikafika, a Jailosi ankadzaza dengu, kulimanga pa njinga ya a Fletcher, n'kupalasa mpaka pa siteji ya basi ya msewu wa ku Nkhotakota. Kumudzi anali munthu wa mawu ochepa, woti moni wake umamveka ndi amene wayandikira. Koma basi ikaima ankanyamula dengu pamwamba n'kumayenda m'mbali mwa mawindo.

"Dodo! Dodo kuno! Dodo!"

Azimayi ogulitsa nawo ankawaseka kuti abambo awa mawu amasunga chaka chonse ngati mbewu, n'kudzawathira onse pamsewu. Iwo ankangomwetulira. Panalibe lamulo loletsa munthu kuitanira malonda ake. Ankaitana, maso akuyenda pa nkhope za atsikana a m'basimo, kuona ngati wina angatembenuke mosiyana ndi wogula.

Anali ndi chizolowezi chinanso. Akaona mlendo wa dziko lina, ankamuonjezera bango limodzi laulere n'kumufunsa kuti kodi kwanu dodo n'chiyani. Bambo wina wa ku Uganda, wogwira ntchito za ulimi ku Chitala, anaseka n'kunena kuti kwawo dodo ndi ndiwo zamasamba, zomwe kuno timati bonongwe. Mphunzitsi wina wa ku Nigeria anati kwawo ndi nthochi zakupsa zokazinga m'mafuta, ndipo potchula anatseka maso ngati wamva fungo lake. A Jailosi ankabwerera nazo kunyumba zimenezi ngati munthu wotola nkhuni. Zinkawatonthoza kuti m'maiko onsewo dzina la mwana wawo linali chakudya kapena tulo. Pemphero lawo la m'mawa linafupika mpaka kutsala mawu ochepa: Ambuye, adye, agone.

Mu Disembala Che Twaibu anabwera pabwinja kudzayeza mtengo. Anali nkhalamba yachisilamu yokonda nthabwala, ndipo njere imene a Jailosi anabzala inachokera pa mtengo wawo wa pafupi ndi mzikiti. Anauzungulira, kuukumbatira, kuugogoda ndi mpini wa nkhwangwa, n'kunena kuti ndi wabwino, mulibe mphako. Anachenjeza kuti ukapitirira Febuluwale usanagwe, bwato silidzauma mu nthawi yake. A Jailosi anawasendera bango n'kuwafunsa funso lawo lija.

"Inu Che Jailosi mumafunsa ngati wapolisi," anatero Che Twaibu, madzi a bango akutsikira m'ndevu. "Zaka zonsezi tikudyera limodzi, lero ndiye mufune kudziwa kwawo kwa bango?"

Komabe anafotokoza. Anati dzinalo ndi la Chiswahili, linabwera ndi agogo awo kuchokera ku nyanja yamchere, kumene mango amenewa amati embe dodo. Agogowo anayenda maulendo onyamula zinthu zambiri zimene zidzukulu sizikonda kutchula, koma chabwino chimodzi chimene anasiya ndi njere imeneyi. Kenako anatsitsa mawu, n'kuonjeza kuti kugombe kumeneko mawu omwewo amanenanso za namwali amene wangokula kumene. Atatero anaona nkhope ya a Jailosi, n'kuyamba kufufuza chinachake m'thumba chimene munalibe.

A Jailosi anali akuwerenga mumtima. Mwana amene iwo ankamuyang'ana m'mawindo anali wa zaka zisanu. Weniweniyo tsopano anali namwali, ndipo panalibe mayi womulangiza, panalibe bambo womugulira nsalu.

Chakumayambiriro kwa Januwale, pa siteji panaima galimoto ya ku munda wa nzimbe ku Dwangwa. Munali bwana wooneka ngati mmwenye, koma dalaivala wake, a Musa, anati ndi wa ku chilumba cha Mauritius. Atamva kuitana kwa a Jailosi, mlendoyo anatuluka akuseka, n'kutulutsa bokosi la machesi lokhala ndi chithunzi cha mbalame yonenepa, ya mlomo wokhota ndi timapiko tosathandiza. A Musa ankamasulira. Kwawo dodo ndi mbalame imeneyi. Inkakhala pa chilumba chawo chokha, ndipo sinkauluka. Ena amati dzinalo anaipatsa ndi amalinyero a Chipwitikizi, m'chilankhulo chawo kutanthauza chitsiru, chifukwa anthu akabwera ndi zibonga inkangowayang'ana osathawa.

A Jailosi anafunsa kuti masiku ano zimakhala mbali iti ya chilumbacho.

"Akuti zinatha, bambo," anatero a Musa. "Zonse. Kunatsala dzina basi."

Mlendoyo anawapatsa bokosilo, machesi ali momwemo. Pobwerera a Jailosi sanapalase njinga, anangoikankha. Anali asanaganizepo kuti chinthu chimene Mulungu analenga chingathe chonse, osasiya ngakhale dzira. Koma atafika pa minda ya mpunga anaima, n'kuyang'ananso chithunzi chija. Mbalameyi inatha chifukwa sinkathawa. Wawo anathawa. Anaika bokosilo m'thumba la pamtima, n'kukwera njinga.

Kuyambira tsiku limenelo analeka kuthyola mango. Kusiteji sanapitenso. M'mawa uliwonse ankatsikira pabwinja, kukhala pachulu, n'kumaingitsa mbalame ndi ana. Anapachika zitini ndi nsanza m'nthambi kuti mileme iope. Koma bango likapsa silifunsa mwini wake. Ankamva phu pamchenga, n'kupita kukatola, n'kukapereka kwa a Salome kuti ana adye. A Salome ankalandira ndi manja awiri.

Mwezi usanathe, mtengo wonse unatsala ndi bango limodzi, pa nthambi yoloza kunyanja, pamwamba pang'ono poti dzanja silifika. Linapsa, linachita chikasu. A Jailosi ankafika akuyembekeza kulipeza pansi, koma linali pomwepo. Mphepo inawomba, mvula inagwa, Febuluwale analowa, bango lili lende. A Fletcher akakumana nawo ankangofunsa kuti kaya pabwinja, iwo n'kuyankha kuti latsala limodzi, a Fletcher n'kugwedeza mutu kumapita.

Masiku amenewo njala inali italowa m'nyumba zambiri. A Fletcher ankakoka makoka a anthu ena n'kumalandira tinsomba ta m'mbale. Nkhuku za a Salome zinayamba kuchepa pabwalo. Mbale ya a Jailosi inkabwerabe yodzaza, koma tsiku lina pobweza mbaleyo anaona ana asanu atazungulira chinangwa chochepa kuposa chimene iwo anadya okha. Anabwerera mwakachetechete, mbale ili m'manja.

M'mawa mwake anapeza chodabwitsa. Bango limene dzulo linali lachikasu, la madontho akuda, lero linali lobiriwira, khungu lili see. Kwa kanthawi anaganiza kuti Ambuye ayankha mwa njira imene iwo sanayerekeze n'kupempha komwe. Kenako anachita manyazi ndi maganizowo. Anakoka chigobo cha bwato lakale chimene madzi anasiya pamenepo, anakwerapo, n'kuweramitsa nthambi.

Bangolo linali lomangirira ndi ulusi wa ukonde, wopakidwa dothi kuti usaoneke. Panali timaulusi tina todukaduka pa nthambi yomweyo, kusonyeza kuti aka sikanali koyamba. A Jailosi anayang'anitsitsa mfundoyo. Anali atasoka maukonde ndi alamu awo kuyambira ali anyamata, ndipo pa gombe lonse panali munthu mmodzi yekha wamanzere amene mfundo zake zinkapita chobwerera. Komanso mtengo umene unali ndi mango mpaka nthawi imeneyi unali umodzi, wa pafupi ndi mzikiti, umene nthawi zonse unkachedwa kupsa.

Anakhala pachulupo nthawi yaitali. Sanapemphere ndi mawu. Dzuwa litakwera anamasula mfundo ija bwinobwino osadula ulusi, n'kukwera kumudzi.

Anawapeza a Fletcher pansi pa thandala akusoka ukonde wa eni ake. Anakhala pansi chapatali pang'ono monga mwa masiku onse, n'kuika bango pamchenga pakati pawo.

"Alamu, mango atha."

A Fletcher sanadzutse mutu. Anati iwo dzulo podutsa anaona limodzi.

"Ndi limeneli. Mfundo zanu zimapita kumanzere."

Chosokera chinaima. A Fletcher anayang'ana bangolo, n'kuyang'ana kunyanja, kenako anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wogwidwa.

"Che Twaibu anati atsala nawo atatu. Tikanafika nawo mu Malichi."

"Nanga bwato?"

"Bwato ndikulifuna." Anapukuta kumaso ndi mkono. "Koma ndikagwira nkhwangwa m'maganizo, ndimaona mwana ataima pamchenga paja akuyang'ana uku ndi uku. Dodo ndi mbumba yanga, alamu. Inu mumayang'ana kumsewu, ine ndimayang'ana inu."

Aka kanali koyamba kuti dzinalo litchulidwe pakati pawo chichokereni mwanayo. A Jailosi anayang'ana m'mbuyo mwachizolowezi, koma kunalibe munthu, kunali mbuzi chabe. Ndiye analankhula mawu ambiri kuposa amene a Fletcher anawamvapo kwa iwo. Anati ana asanu ali pompano, njala yawo ndi ya lero. Anati akhala akuganiza kuti mtengo, ngakhale utaima, munthu akaodira sungamuyankhe, sungamuuze kumene mudzi unasamukira. Mtengo ugwe. Koma iwo, ngakhale ndi mkamwini wosayenera kupempha dothi, akupempha chinthu chimodzi: pachulu paja amangepo nyumba, akhalepo.

A Fletcher anati pamene paja madzi adzabweranso.

"Akabwera adzandipeza pachulu. Mtengo unapirira, ine ndilephere?"

A Fletcher anatola bango lija, analipimapima m'manja, n'kuwabwezera. Anati malo amenewo ndi a Ester, ndipo a Ester ndi a mwana wake. Bambo wa mwanayo akawasungire mpaka mwini wake adzabwere.

Mtengo unagwa Lolemba lotsatira. Che Twaibu anafika ndi nkhwangwa ziwiri ndi nsompho, anatchula dzina la Mulungu m'Chiarabu, n'kulemba mzere ndi khala pa thunthu. Anthu amene anabwera kudzathandiza anadabwa, chifukwa mzerewo sunali pansi pamene amatemera mitengo ya mabwato, unali pa msinkhu wa chifuwa. Wina anati mdala mwakalamba, mukutaya mkono wathunthu wa bwato. Che Twaibu anayankha kuti msana wawo sulola kuwerama, amene akufuna pansi akaitane mmisiri wa msana wabwino. Onse anayang'ana kwa mwini bwato. A Fletcher anati bwato lalitali limavuta pokhota.

A Jailosi anatema nawo. Sanapemphe kuti awakhululukire ntchitoyo, ndipo palibe anawaletsa. Mtengo utalira n'kugwera cha kunyanja, kumwamba kunatseguka malo aakulu amene maso awo sanawazolowere. Fungo la utomoni linadzaza ponseponse. Che Twaibu anakanda dothi la pachulu n'kumata pamwamba pa chitsa ngati akumata bala. A Jailosi anaima chogwira nkhwangwa, osadziwa koyang'ana, mpaka anamva mawu kumbuyo kwawo.

"Bambo a Dodo, madzi akumwa awa."

Anali a Salome, atagwada ndi chikho. Sananong'one. Anthu ena anayang'ana pansi, ena anapitiriza kusadza nthambi ngati sanamve. A Jailosi analandira chikhocho ndi manja awiri, ndipo anamwa pang'onopang'ono kuti nkhope ikhalitse m'chikhomo.

Bwato linatha kumapeto kwa Malichi, lalifupi koma lotakata, ndipo Mbenji atatsegulidwa a Fletcher anapita nalo. Nthambi zikuluzikulu zinakhala mizati ya kanyumba ka a Jailosi. Chitseko anachilozetsa ku kanjira kochokera kumsewu, osati kunyanja monga amachitira anthu onse. Njere ya bango lomangirira lija anaibzala kuseri, n'kuitchinga ndi minga chifukwa cha mbuzi.

Che Twaibu anadutsa tsiku lina akuchokera kumzikiti, n'kuima kuyang'ana chitsa. M'mbali mwake munali mutatuluka timphukira tofiirira, tofewa ngati khutu la khanda. Anati izi zikadzabereka iwo adzakhala atagona kale, komabe zidzabereka, Mulungu akalola. Ponyamuka anatembenuka ngati wakumbukira kanthu kakang'ono.

"Chaka chamawa mango anga adzasowa wopita nawo kusiteji. Ana anga mawu awo ndi a udzudzu. Inu mumaitana bwino."

A Jailosi anati amva, ndipo anathokoza. Nkhalambayo itapita anatenga tsache n'kuyamba kusesa kanjira kaja, kuchokera pakhomo kulowera kumtunda, ngakhale panalibe zinyalala zambiri. Chakutali kunamveka basi ya masana ikusintha magiya pa mlatho. Anaima, tsache lili m'manja, mpaka phokosolo linazilala. Anadikirabe pang'ono, nthawi yokwana munthu wotsika ndi kachikwama kufunsa njira kwa azimayi a pasiteji, kenako anapitiriza kusesa.